Chikhoti Choyera Chimene Ndinagula ndi Maso a Anatembo

Abale anga, amai ndi abambo, ndibwerekeni makutu pang'ono. Ndilankhula chokhala, maondo anatha. Ine ndine Esinala Banda, kuno ku komboni ya George mumandidziwa kuti ambuya a Dalitso. Ena mumandidziwa ndi dzina lina, lija munkandiitana nalo ndikagona m'ngalande pafupi ndi kiyosiki ya madzi, koma limenelo tilisiye. Sukulu sindinaione khomo, ndiye musayembekeze mau a m'buku. Amai busa ndi amene akulemba zimene ndikunenazi, ndipo ndawauza kuti asakonze kanthu, choipa achilembe choipa.

Ndaona kuti pano alipo amene amagwira ntchito m'mafakitale, ndipo ndamva kuti awiri angopatsidwa kumene ukapitawo. Inu makamaka, sendererani kuno. Mowa unandipeza ndili pansi kale. Chimene chinandigwetsa ndi chikhoti choyera.

Ndinabwera ku Lusaka kuchokera ku Katete ndili ndi mwana kumsana. Amuna anga atamwalira ndinalowa ntchito pa fakitale ina yopanga chiponde, dzina lake sinditchula. Tinkayenda pansi kuchokera kuno, fumbi nthawi ya dzuwa, matope nthawi ya mvula. Ntchito yathu inali kusankha nshawa, zimene ena mumati mtedza. Zinkabwera pa lamba woyenda, ife amai khumi ndi awiri titaima uku ndi uku, kutola zowola, zachuku, zofumbwa ndi timiyala, n'kumaponya mu ndowa imodzi yaikulu. Musaione kuchepa ntchito imeneyo. Nshawa imodzi yachuku imawawitsa botolo lonse.

Amene anandiphunzitsa ndi Anatembo, mai wamkulu wa ku Chadiza, amene ankaima kumutu kwa lamba. Tsiku loyamba anandigwira dzanja n'kunena kuti, "Mwana wanga, diso limanama nthawi zina, chala sichinama. Yowola imapepuka." Mwana wanga atadwala chikuku, ndi iwo amene anaima malo awiri, awo ndi anga, sabata yonse.

Tinkagwira ntchito ndi nyimbo. Woyambitsa ndinali ine, chifukwa Mulungu anandipatsa kukhosi. Ndinkati, "Yadutsa, yadutsa, mwana wa amai!" Anatembo ndiwo ankayamba kuvomera, ndi mau ao okhuthala ngati a mwamuna, kenako onse: "Ili m'manja mwanga, usatembenuke." Nyimbo imeneyo inali lamulo lathu. Yowola ikakudutsa, usacheuke kuithamangira chifukwa zina zisanu zikudutsa, mnzako wa kumunsi aitola. Ndowa inali imodzi, ndiye panalibe wodziwa kuti watola zambiri ndani. Bwana wathu wakale ankaima pakhomo, phazi likugunda pansi motsata nyimbo. Ankatidziwa maina, maliro athu ankabwera. Akafuna kudziwa ngati tagwira bwino ntchito ankangotunga chiponde ndi supuni n'kulawa.

Kenako maso a Anatembo anachita ng'ala. Poyamba ankabisa, koma amai anzako sungawabisire. Tinakhala pansi m'chipinda chosinthira zovala n'kupangana. Kunatsala mvula imodzi yokha kuti afike zaka zopumira ntchito, apite kwao ku Chadiza mwaulemu, akamange kanyumba pafupi ndi manda a amai ao. Tinati tiwafikitsa. Pambali pao tinaikapo bana Mwila, mai wa ku Kopala, kumigodi kuja, wa pakamwa pakuthwa koma manja ngati mphezi, kuti zimene zadutsa Anatembo azitola iwo. Tonse tinalumbira kuti nkhaniyo sidzatuluka m'chipinda chija. Inenso ndinalumbira, ndipo ndine ndinakweza mau kuposa onse.

Fakitale inagulidwa ndi eni ena, bwana wakale anachoka. Anabwera wachinyamata, foni kukhutu, mapepala kukhwapa. Sindimunamizira kuti anali satana, iyenso anali ndi omukalipira kumwamba kwake. Koma sabata yoyamba yomweyo analetsa nyimbo. Anati, "Pano si pa chinamwali, ni pa nchito." Anachotsa ndowa yaikulu n'kubweretsa tindowa khumi ndi tiwiri, aliyense kake, koti poweruka kaziikidwa pa sikelo. Wa kandowa kopepuka dzina lake linkalembedwa pa bolodi pakhomo.

Ndiye anafuna kapitawo, ndipo anasankha ine chifukwa cha mau anga okwera. Anandipatsa chikhoti choyera chofika m'maondo. Abale anga, ine amene ndinabadwira m'munda wa thonje, wosavalapo nsapato mpaka kukwatiwa! Ndinkapita nacho kunyumba nditavala, dzuwa likuswa mtengo, kuti anthu a ku George aone. Lamlungu ndinkachiyanika kutsogolo kwa nyumba ngakhale chisanade.

Koma chikhoti chinabwera ndi pepala. Tsiku lililonse kapitawo ankayenera kulemba zimene zachitika pa lamba. Tsiku loyamba ndinati ndaiwala magalasi, ine wopanda magalasi. Lachiwiri ndinamanga chala ndi kansanza. Ndinazemba choncho masiku angapo mpaka bwana anandiitana mu ofesi. Anakankhira pepala kwa ine ndi cholembera pamwamba.

"Ba Esinala, nikufunseni chabe. Muziba kulemba?"

Ndinaona chikhoti chikuvulidwa, ndinaona anthu a ku George akuseka. Pakamwa panga panatseguka pokha. Ayi, ndisaname, ndine ndinapatsegula. Ndinati, "Bwana, pepala limachedwa. Ine ndili ndi nkhani yoposa pepala." Ndipo ndinamuuza zonse: za maso a Anatembo, za bana Mwila, za pangano la m'chipinda chosinthira zovala. Anaiwala za pepala lija, n'kunditamanda kuti ndine kapitawo weniweni.

M'mawa mwake anaimitsa lamba. Anachotsa bana Mwila n'kuwaika kumapeto, anauza Anatembo kuti asankhe okha ife tikuonerera. Lamba anayenda. Manja a mai wamkulu uja ankapapasa, ankapapasa, zowola zikudutsa pakati pa zala zao. Pamapeto pake bwana analemba kalata yowachotsa, ndipo ine ndinadinda chala changa ngati mboni. Kuwerenga sindinkadziwa, koma chimene chinali pa pepala limenelo ndinkachidziwa bwino lomwe.

Anatembo anavula epuloni yao, anaipinda bwinobwino, n'kunena kuti, "Esinala, ndiperekeze pa geti, masitepe sindiwaona." Ndinawaperekeza atandigwira mkono. Titafika pa geti anatsina nsalu ya chikhoti changa n'kuifikisa pakati pa zala ziwiri, monga ankachitira ndi nshawa yokayikitsa. Anati, "Nsalu yolimba iyi. Uisamale." Basi, anatuluka.

Kuyambira tsiku limenelo lamba wathu anafa ali kuyenda. Aliyense ankaona kandowa kake. Kuti kalemere, amai ankangokokolola ndi dzanja lonse, zabwino ndi zoipa zomwe, pamene zachuku zenizeni, zija zofunika kuziyang'anitsitsa, zinkadutsa mwaufulu. Ya mnzako ikadutsa, uitolerenji? Moni unatha. Chakudya chamasana, chimene kale tinkaika pamodzi, aliyense ankadya atafulatira. Awiri anasiya ntchito, ena ankangodwaladwala. Ine ndinkakalipa, ndinkaima pakhomo la chimbudzi kuthamangitsa amai akuluakulu ngati mbuzi. Ndikakalipa kwambiri, manja ao ankalemera kwambiri.

Tsiku lina bwana atachokapo ndinati ndiyese. Ndinakweza mau: "Yadutsa, yadutsa, mwana wa amai!" Zii. Ndinabwereza. Kunangomveka kulira kwa lamba. Bana Mwila osadzutsa mutu anati, "Imbani na koti yanu, ba kapitawo. Izamivomela."

Chiponde chinayamba kuwawa. Masitolo anayamba kubweza, ndipo tsiku lina lole yathunthu inabwerera ndi katundu. Eni fakitale anafuna mutu wa munthu, bwana anawapatsa wanga. Anapezanso kuti chiyambire palibe pepala ndi limodzi lomwe limene ndinalemba. Chikhoti anandivulira pa geti pomwe paja, pamene ndinasiya Anatembo. Palibe anandiperekeza.

Za mowa ndinena mwachidule, chifukwa ambiri pano njirayo mukuidziwa. Ndinayamba ndi kakapu kamodzi ka kachasu kuti ndipeze tulo. Kenako m'mawa kuti manja asanjenjemere. Ndinagulitsa mbaula, mipando, ndi chitenje cha kwaya. Kutchalitchi ndinasiya, chifukwa ndikamva wina akuyambitsa nyimbo anthu n'kuvomera, ndinkamva ngati akundikwapula. Mwana wanga wamkazi anandiletsa kubereka adzukulu nditagwa ndi khanda kumsana pakhomo pake. Khanda silinavulale, Mulungu anagwira, koma nkhope ya mwana wanga tsiku limenelo sindidzaiiwala. Mvula zitatu zinadutsa ndili choncho. Ndinkadziuza kuti Anatembo anapita kwao ku Chadiza, akupuma, ndipo ine ndekha ndiye ndalangidwa. Bodza limenelo linkandithandiza kumeza.

Tsopano mvetserani, apa ndiyenda pang'onopang'ono.

M'mawa wina ndinadzuka kukhosi kuli gwa, ndilibe kanthu m'manja. Mai wina wogulitsa pa msika anandiuza kuti ku Kanyama kuli nyumba imene amapereka ganyu yosankha nshawa. Ndinati, imeneyo ndiye ntchito yanga, pofika masana ndikhala nditamwa. Ndinayenda mpaka kumeneko, kudumpha madzi oima m'tinjira. Mwini nyumba, mai wachitsikana, anandilozera kuseri. Nditakhota pa kona ndinaona thumba la nshawa, ndipo pambali pake, mumthunzi wa khoma, panali nkhalamba itatambasula miyendo, lichero pa ntchafu. Maso onse awiri anali oyera ngati mkaka.

Anali Anatembo. Ku Chadiza sanapite. Akanapita ndi chiyani? Anatuluka pa ntchito ngati wothamangitsidwa, wopanda ngakhale lata limodzi lofolera nyumba. Ankakhala kwa mdzukulu wao, mai wachitsikana uja, n'kumasankha nshawa za anthu ndi zala.

Miyendo inafuna kuthawa, kukhosi kunafuna kachasu. Kukhosi kunapambana. Ndinati, saona, ndingokhala chete, sandidziwa. Ndinakhala pansi chapatali, ndinatenga lichero, ndinayamba kusankha osatulutsa ngakhale mpweya. Panapita kanthawi. Nkhuku inabwera kudzatola zogwa, iwo anaiingitsa ndi phazi. Kenako osatembenuza mutu anati:

"Esinala, umagogodabe nshawa kawiri palichero usanaitaye?"

Lichero linagwa m'manja mwanga, nshawa mbwee pansi.

"Tola," anatero. "Si zako, ndi za eni ake."

Ndinatola ndikukwawa, misozi ikugwera m'fumbi. Nditafika pafupi ndi mapazi ao anakwinya mphuno. "Wanunkha, mwana wanga. M'mawa uno?"

Ndinati, "Ndi wa dzulo, amai." Kenako zinatuluka zonse. Ndinati, "Amai, ndine ndinakugulitsani. Ndine ndinauza bwana za maso anu."

"Ndinadziwa pa geti pomwe paja. Mkono wako unkanjenjemera ngati wa mbala."

"Nanga bwanji simunanditukwane?"

"Ndinakutukwana! Chaka chathunthu ndinakutukwana m'nyumba muno, funsa makoma. Ndinakutemberera mpaka mdzukulu wanga anaopa kuti aneba amva. Kenako ndinatopa. Chidani chimafuna mphamvu, ine ndilibe." Anapitiriza kusankha, kenako anati, "Koma chinthu chimodzi chimandisowetsa tulo. Anakupatsa chiyani mnyamata uja?"

Ndinati, "Palibe, amai. Anandifunsa ngati ndidziwa kulemba. Ndinaopa kuti andivula chikhoti, ndiye ndinamupatsa nkhani yanu kuti aiwale yanga."

Manja ao anaima. Kenako anaseka, koma kuseka kumene kumapweteka kuposa kulira.

"Iwe Esinala, iwe. Ndani pa lamba paja sankadziwa kuti sudziwa kulemba? Pepala unkaligwira mozondotsa tonse tikuona. Tinakhala pansi m'chipinda chija iwe kulibe, tinapangana kuti bana Mwila, amene anaphunzirako sukulu, azikulembera poweruka, bwana osadziwa. Cholembera anagula kale, chinali m'thumba la epuloni. Tinkangodikira kuti upemphe, kuopa kukuchititsa manyazi ndi chikhoti chako chatsopano. Yako ija inali kale m'manja mwathu, mwana wanga. Iwe unatembenuka."

Abale anga, ndinaikapo amuna anga m'manda, ndinaikapo ana awiri, koma sindinalirepo ngati tsiku limenelo. Ndinagubuduka m'fumbi la ku Kanyama ngati mwana. Iwo sanandigwire, sananditonthoze. Nditatopa anati, "Thumba ili lifunika kutha lero. Mawa ubwere wopanda fungo. Ukabwera nalo ndidzakubweza."

M'mawa mwake ndinabwera nalo. Anandibweza ndisanakhale pansi. Tsiku lachitatu anandibwezanso. Lachinai ndinabwera wopanda, manja akunjenjemera kotero kuti nshawa zinkavina m'lichero. Anati, "Zigwire choncho, zidzazolowera."

Mmene ndinabwererera, palibe chozizwitsa, ndipo amene muli m'dzenje lomwelo mumve. Ndinapita kwa mwana wanga wamkazi n'kumuuza zoona zonse, ndinapempha kugona pa khonde pake kuti ndichoke pafupi ndi nyumba ya kachasu. Anandiyalira m'kati. Anandiperekeza ku kiliniki chifukwa masiku oyamba thupi linkandizunza, ndinkaona zinthu zoti palibe. Musachite manyazi kupita, kusiya mowa uli wekha kumatha kupha. Ndinasintha njira yopitira ku msika, ngakhale yatsopanoyo inali yozungulira. Ganyu akandilipira, mdzukulu wa Anatembo ankapereka kwa mwana wanga, osati m'manja mwanga. Ndinagwanso kawiri, sindibisa. Kawiri konseko ndinadzuka n'kupita ku Kanyama kukabwezedwa.

Chovuta kuposa zonse anandituma Anatembo. Anati, "Sunalakwire ine ndekha. Unaphera anthu khumi ntchito imene ankaikonda." Ndiye ndinayenda khomo ndi khomo, ku Matero, ku Chawama, ku Kuku, kufunafuna amai a pa lamba. Ena analira nane. Wina anatseka chitseko. Bana Mwila ndinawapeza akuchapa, anandimvetsera mpaka kumapeto manja ali m'thovu, n'kunena kuti, "Namvela. Manje kukhululuka sinakwanise. Yendani bwino." Sindinawaumirize. Anali ndi ufulu.

Miyezi yonseyo ndikusankha pambali pa Anatembo sindinayerekeze kuimba. Iwonso mau oti ndakukhululukira sanawanenepo, mpaka kufa kwao. Koma masana ena, kukutentha, tulo tikundigwira, anati, "Manja ako akugona. Yamba nyimbo." Ndinati kukhosi kunapsa ndi kachasu. Anati, "Sindinafunse za kukhosi." Ndinayamba, mau osasa ngati a khwangwala: "Yadutsa, yadutsa, mwana wa amai." Ndinadikira. Ndipo mau okhuthala aja anabwera, otsika, okalamba: "Ili m'manja mwanga, usatembenuke."

Anamwalira nyengo yozizira yotsatira. Tinawaika kuno ku Lusaka, pakati pa anthu osawadziwa, kutali ndi manda a amai ao. Chimenecho ndinachita ndine, ndipo palibe pemphero limene lidzawanyamule kupita nawo ku Chadiza. Ndimadzuka nacho, ndimagona nacho.

Lero ndimasinja chiponde ndi amai anai kuseri kwa nyumba ya mwana wanga, atatu mwa iwo ndi a pa lamba paja. Ndowa ya zowola ndi imodzi. Aliyense wobwera kudzagwira nafe ndimamuuza tsiku loyamba kuti ine sindidziwa kulemba, kenako ndimamufunsa chimene iye sadziwa, kuti tidziwe pomuimika. Inu akapitawo atsopano, bwana wanu adzakufunsani manambala, mpatseni. Koma anthu amene mukawaimire ali ndi mapangano ao amene akuyendetsa ntchitoyo inu musanabwere. Musanathyole kanthu, funsani kuti kakugwira chiyani. Ndipo chimene mukuopa kuti chidziwika, kanenereni kwa anzanu a pa lamba mawa lomwe, musanapereke munthu m'malo mwake.

Ndimalize ndi za kumanda. Amai a pa fakitale anabwera, asanu ndi awiri. Dothi litatsekedwa, nkhata zitaikidwa, anthu anayamba kubwerera ku malole. Ife tinatsalira osapangana, titaima uku ndi uku kwa mtumbira, monga tinkaimira pa lamba, kumutu kuli kopanda munthu. Sindinapemphe chilolezo. Ndinayambitsa. Panali zii, ngati tsiku lija. Ndinatsala pang'ono kuchoka. Kenako bana Mwila anavomera, maso ali pa dothi, misozi ikutsika mpaka m'khosi, ena onse n'kutsatira.

Titatha, bana Mwila anapukuta nkhope ndi chitenje, anadutsa pafupi nane osandiyang'ana, n'kunena kuti, "Sinaimbile imwe."

Ndinati, "Ndikudziwa, bana Mwila."

Anayenda masitepe atatu, anaima, anapisa dzanja m'chikwama n'kutulutsa cholembera chakale, chosatsegulapo chivindikiro. Anandiponyera pa chitenje. Ndi chimenechi akulembera amai busa leroli. Ndathokoza pondimvera, ndithandizeni kuimirira.